Kompyuta ya a Tidzaonjezera

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Mumsewu monse amadziwika kuti a Tidzaonjezera, ometa tsitsi pafupi ndi poimira basi, ndipo dzinali sanalitole panjira, analikhetsera thukuta.

Nyumba yawo simungaisowe. Ndi ija ya denga la konkire, yokhala ndi zitsulo zoloza kumwamba m'makona onse, kudikira nyumba yosanja imene idzamangidwe pamwambapo. Zitsulozo zinachita dzimbiri kalekale, ndipo akazi awo anamangapo chingwe choyanikira zovala. Mwana ali naye mmodzi yekha, wamkazi. Nsapato ankamugulira zazikulu kuti adzakuliremo, koma phazi likamafika poti zimukwane, nsapatozo zinali zitayasamula kale. Mwanayo anakulira pabalaza, kuseri kwa katani, chifukwa chipinda chake chinali pamwamba, kumene kunalibe ngakhale masitepe.

Musawaone ngati munthu woipa mtima. Mwana wawoyo ankamukonda kwambiri, moti ankamuitana kuti "mayi wanga." Vuto lawo linali loti chinthu cha lero sichinkawakoma. Chilichonse chinkayenera kukhala ndi malo oonjezerapo.

Mwanayo atapeza malo kukoleji kukaphunzira zojambula mapulani a nyumba, anabwera ndi pempho limodzi. Kukoleji makompyuta anali ochepa, ophunzira ankachita kulimbirana. Ankafuna yakeyake, ngakhale yakale.

Tsiku lomwelo a Tidzaonjezera anapita kwa wogulitsa zida za makompyuta, mnyamata wamkulu wa ndevu zimene iwo omwe ankameta. Iye anawaonetsa kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito, yakuda, yosakongola, koma yoyaka.

"Tengani iyi madala, mwana ayambe lero. Ikugwirizananso ndi thumba lanu."

"Achimwene, yopangidwa kale ndi manda," anatero a Tidzaonjezera. "Mulibe poonjezera. Ine ndilumikiza ndekha, chida chimodzichimodzi. Yotchipa lero, yamphamvu mawa."

Anayamba ndi bokosi. Linali lalikulu ngati kafiriji, mbali imodzi ya galasi, mkati muli timagetsi tosinthasintha mitundu. Analiika pabalaza, pafupi ndi katani wa mwana uja, ndipo alendo ankaliyamikira. Akazi awo analiyang'ana kamodzi n'kunena kuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, kenako anadzikonza okha kuti ngakhale nyererezo mulibe. Posakhalitsa anayamba kusungamo makandulo ndi machesi.

Kenako kunabwera chida chogawa magetsi, champhamvu yokwanira makompyuta awiri, podikira khadi lalikulu la zithunzi limene lidzagulidwe. Kenako bolodi lalikulu, limene zida zonse zimalumikizidwapo, lokhala ndi mipata yambiri yopanda kanthu. Mipatayo ndi imene inkawasangalatsa. Ankatulutsa bolodilo m'katoni, kuloza mpata uliwonse n'kunena chimene chidzakhalepo, kenako n'kulibwezera.

Chotsala chinali purosesa, ubongo wa makinawo. Apa ndiye anakhazikika. Anamva kuti yatsopano ikatuluka, yakale itsika mtengo. Yatsopano itatuluka, anamva kuti ina yoposa imeneyo ili m'njira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero. Mwana uja anamaliza chaka choyamba akupempha makompyuta a anzake, chachiwirinso chimodzimodzi. Sankadandaula. Ankangodzuka m'mawa kwambiri kuti akapeze mpando.

Amene ankavutika kwambiri anali makasitomala. Munthu ankakhala pampando mutu utametedwa mbali imodzi, a Tidzaonjezera atazimitsa makina, akumuonetsa pafoni mitundu ya mapurosesa. Wometedwa theka sathawa. Ambiri mumsewu uja anaphunzira za makompyuta mosafuna.

Tsiku limene anatsimikiza mtima kukagula purosesa, wogulitsa uja anakanda ndevu.

"Madala, zatsopanozi sizilowa pa bolodi lanu. Opanga anasintha pokhalira pake. Bolodi lanu lija ndi nkhalamba."

"Nkhalamba bwanji poti silinagwirepo ntchito?"

"Lakalambira m'katoni."

Zinawapweteka, osanama. Anayenda ulendo wonse wobwerera osapatsa moni munthu. Koma anabwera ndi purosesa yakale yotchipa imene inkalowa pa bolodilo, ndi kafani kake kakang'ono, ndiponso mawu atsopano: kuovakiloka.

"N'kukakamiza purosesa kuti izithamanga kuposa mmene anaipangira," anafotokozera mphunzitsi wina amene anali pampando. "Opanga amabisa liwiro, achimwene, kuti tizigula zodula. Ngati makina ometera awa. Mukuiona sikuluwu ya pambaliyi? Ndikaipotoza, tamvani."

Anaipotoza. Makinawo analira ngati chigayo, ndipo posakhalitsa anatentha mpaka mphunzitsiyo anadumpha, atagwira kukhosi.

"Pepani aphunzitsi. Kutentha ndiye mtengo wa liwiro."

Kompyuta inayaka mwana ali m'chaka chomaliza. Makandulo anasamutsidwa. M'bokosi lalikulu lija zidazo zinkaoneka ngati katundu wa mbeta m'nyumba yaikulu, koma inkagwira ntchito. Inkachedwa, inde, koma inkafika. Mwanayo anasangalala kwambiri, ndipo anayamba kujambulapo ntchito yake yomaliza, imene ikanamupatsa satifiketi kapena kumubweza chaka china. Ankatembenuza sikirini kuti makolo asaone. Ankati adzaona ikatha.

Ntchitoyo inkafunika Lolemba. Loweruka m'mawa anaiuza kompyuta kuti itulutse chithunzi chomaliza cha nyumba imene anajambula, chija chooneka ngati chenicheni, chimene makina ofooka amatha tsiku lonse akuchipanga. Kenako ananyamuka ndi mayi ake kupita kukagula mapepala aakulu osindikizira.

"Adadi, chonde musaigwire. Ingoisiyani, imaliza yokha."

"Ndingaigwirirenji, mayi wanga?"

Masana a Tidzaonjezera anabwera kudzadya. Sanakhale n'komwe. Pasikirini panali kamzere kosonyeza pamene ntchito yafika, ndipo kankayenda ngati kakudwala. Mtima unawawawa. Mwana wawo, mmodzi yekhayo, adikire mpaka madzulo, liwiro lili momwemo lobisika? Anali ataonerera kokwanira mmene mwanayo amayambitsira ntchitoyo. Anaganiza kuti akaizimitsa n'kuikweza pang'ono, ipeza pamene inali n'kupitirira, mwana adzapeza zonse zatha.

Anaizimitsa, analowa kumene kuli manambala a purosesa, anakweza. Atayambitsanso, kamzere kanayenda mwachangu ndithu. A Tidzaonjezera anaomba m'manja okhaokha pabalaza. Akanasiyira pomwepo, mwina bwenzi nkhani ino kulibe. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anaona kuti pali poonjezera, ndipo munthu uyu sanaonepo poonjezera n'kudutsa. Anaizimitsanso, anakweza liwiro, anakwezanso magetsi olowa mu purosesa.

Kafani kaja kanayamba kukuwa. Chithunzi chinayamba kutuluka kuchokera pamwamba kutsika pansi. Kunabwera thambo, kenako denga la malata, wamba, lotsetsereka mbali ziwiri. Kenako mawindo. Pabalaza panayamba kununkha ngati simbi yoiwalika pa malaya. Anachotsa galasi la pambali, anathamangira kuchipinda kukatenga fani yaikulu n'kuilozetsa mkati. Atabwerera kusikirini, chithunzi chinali chitaima pakati pa chitseko.

Chitsekocho anachidziwa. Chinali chawo, chobiriwira, cha chigamba cha thabwa pamwamba. Mawindo analinso awo. Inali nyumba yawo yomweyi, koma yofoleredwa, yopanda chitsulo n'chimodzi chomwe choloza kumwamba. Kumbali kwake kunali kachipinda kakang'ono kamene panyumba yeniyeniyo palibe, ka windo limodzi.

Anayang'ana kachipindako mpaka sikirini inada. Anadina batani. Timagetsi ta mitundu tija tinayaka bwinobwino, koma china chilichonse chinali zii.

Mwana ndi mayi ake anawapeza atakhala pansi, fani ikuwapemerera kumsana. Mayiwo ananunkhiza m'mwamba, anaika mapepala patebulo, n'kulowa kukhitchini. Mwanayo anadina batani kamodzi, n'kupempha sikuludiraiva.

"Ndimafuna ikuthandize msanga, mayi wanga."

"Ndikudziwa, adadi."

Anamasula kachida kosungira ntchito yake, anakakulunga mu mpango n'kukaika m'chikwama. Anati apita kwa mnzake wina amene ali ndi kompyuta yakale, akamupemphe kuti igwire usiku wonse ndi Lamulungu lomwe. Ngati mnzakeyo wamaliza yake, zitheka. Ngati sanamalize, basi.

"Usadandaule," anatero a Tidzaonjezera. "Tidzagula ina yamphamvu, ya bolodi latsopano, yoti m'tsogolo muno..."

"Adadi, ine sindinkafuna yamphamvu. Ndinkafuna yoyaka."

Sananene mokwiya, ndipo n'chifukwa chake zinalowa. Mwanayo atafika pakhomo, bambowo anafunsa chimene chinkawavuta.

"Nyumba ija ndaiona. Bwanji ilibe chosanja?"

"Aphunzitsi anati tijambule nyumba yoti mwini wake angathe kuimaliza."

Lamulungu m'mawa anthu opita kutchalitchi anaona a Tidzaonjezera ali padenga ndi sowo yodulira zitsulo. Akazi awo anali pansi, zovala zonyowa zili m'beseni, akufunsa kuti tsopano aziyanika pati. Anadula tsiku lonse, manja mpaka matuza. Ena amati chitsulo chimodzi cha kumbuyo anachisiya, ndipo n'zoona, chilipo mpaka lero. Munthu sasintha tsiku limodzi.

Mwanayo anapereka ntchito yake Lolemba, maso ali psuu, ndipo anakhoza. Bambo ake anatenga pulani ija kupita nayo kwa mmisiri, ndipo mmisiriyo atafunsa ngati asiye mpata woti adzakuze, a Tidzaonjezera ananena kuti amange monga momwe zilili papepala.

Kachipindako kanatha. Ndi chinthu choyamba chimene munthuyu anamaliza pa moyo wake. Koma pulasitala asanaume, mwana anali atapeza kale ntchito kutali, n'kusamuka. Panopa m'kachipindamo muli bedi loyalidwa bwino ndi bokosi lalikulu lija pakona, makandulo atabwereramo. M'mawa uliwonse asanapite kokameta, a Tidzaonjezera amasesamo n'kutsegula windo. Katani wa pabalaza uja akazi awo anafuna kumuchotsa, koma iwo anakana.