Ndinapempha kachingwe kokha, anandiikira bulutufu

Ndiyambe ndi kutchula onse amene analipo lero Lachisanu, kuti wina asadzanene kuti ndikunama. Ndinalipo ine, Yotamu Mkandawire wa ku Ching'ambo. Analipo mwana wanga Wongani, amene anandiperekeza. Analipo Dalitso, wokonza mawailesi, mwini mlandu uno. Analipo bwana wake a Kachingwe, eni shopu. Analipo Che Ajusa, ogulitsa ndi kusoka zitenje khomo loyandikana ndi shopuyo. Analiponso mayi wina wogwira ntchito m'boma amene anabwera kudzatenga foni yake. Dzina sindinamufunse, koma zonse anaona.

Inu a m'gulu lino la osunga wailesi zakale mumandidziwa. Sukulu ndinalekeza sitandade 2 ndipo izi ndikulemba ndi chala chimodzi. Koma pa wailesi zakale zamavavu, munthu wondiphunzitsa mu Mzuzu muno sanabadwe. Kwathu zadzaza shelefu. Kwa amene simudziwa, mavavu ndi timabotolo tagalasi timene timakhala m'kati mwa wailesi. Ndito timaiyankhulitsa. Masiku ano simungatipeze m'sitolo iliyonse.

Mwa zonse, yapamtima panga ndi yofiira, yachikopa, yokhala ndi chogwirira ngati sutikesi. Adada anga anabwera nayo kuchokera ku Joni ine ndili wosavala nsapato. Mavavu ake anayi ndi omwe aja anabwera nayo. Imalira bwinobwino mpaka sabata yatha.

Vuto linali limodzi. Kachingwe kamene kamasuntha muvi wosakira masiteshoni kanaduka. Kale ndikanamanga ndekha, koma manja anayamba kunjenjemera ndipo maso sakuonanso tinthu ting'onoting'ono. Ndiye Lolemba m'mawa ndinaikulunga m'thaulo n'kupita nayo kushopu ya a Kachingwe, kuseri kwa msika.

Mabatire ndinachotseratu kunyumba. Wailesi imeneyi imadya moto wa mitundu iwiri. Pali wochepa, wofunditsa mavavu, ndi wambiri, umene ndimapanga ndekha polumikiza timabatire tambiri. Mukaupyoza muyeso wochepawo, vavu limapsa nthawi yomweyo. Ndinamuuza Dalitso ndi pakamwa pangapa kuti amange kachingwe basi. Asaiyatse. Asaipatse moto uliwonse. Ndinabwereza mpaka Che Ajusa anasuzumira kuti kwagwanji.

Dalitso anati, "Musadandaule agogo, zimenezi n'zing'onozing'ono." Akunena choncho khutu limodzi lili ndi kachingwe komvera nyimbo. Kodi anamva ine kapena anamva nyimbo?

Lachisanu cha m'ma 10 koloko tinafika ndi Wongani. Ndinapereka moni mwaulemu, monire mose. Dalitso anatulutsa wailesi akumwetulira ngati wapha njovu. Anati ndikhale pansi kaye chifukwa ndidabwa. Anadina kabatani kamene ine sindinakaonepo. Kagetsi kabuluu kanayamba kuphethira. Kenako m'wailesi ya adada anga munayankhula mzimayi wachizungu.

Ndinafunsa kuti ameneyo ndi ndani. Anati ndi bulutufu, akunena kuti wakonzeka kulumikizana ndi foni. Anandionetsanso bowo limene waboola pachikopa, loti ndizilowetsapo fulashi ya nyimbo.

Ndinainyamula. Yopepuka ngati dengu lopanda kanthu. Ndinatsegula kumbuyo. Mavavu mulibe. Chitsulo chimene amakhalapo mulibe. Muli kabolodi kobiriwira kochepa ngati bisiketi, komata ndi guluu.

Ndinafunsa kuti wachita chiyani. Anayamba kuzungulira. Wongani anamufunsa mofatsa, ndiye anaulula. Anati pashopu pawo chilichonse chikabwera amayamba achiyesa kuti aone ngati chili ndi moyo. Pansi pa tebulo ali ndi batire la njinga yamoto, la mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Foni, tochi, wailesi, zonse amagunditsa pamenepo. Anagunditsa yanga. Anati "kababu" kamodzi kanawala ngati machesi n'kuzima. Anazungulira msika wonse kufunsa mababu otero, anthu n'kumamuseka. Ndiye anaganiza zondithandiza.

Kundithandiza? Munthu wapita kuchipatala ndi chala chotupa, inu mwamuchotsa mtima n'kumuikira wapulasitiki, ndiye azikuthokozani?

Apa mvetserani, chifukwa ndi pamene mutu unandiwira. Mavavu a wailesi imeneyi amalandira moto motsatana, pamzere umodzi. Limodzi likapsa, njira imaduka, enawo amapulumuka. Ndiye kuti atatu ali moyo. Limodzilo ndikanalisaka kwa anzanga a ku Blantyre, ngakhale zitatenga chaka. Ndinamufunsa Dalitso kuti atatuwo ali kuti. Anayang'ana bwana wake. Bwana wake anayang'ana kudenga.

Dalitso anati anawaponya m'katoni ya zotaya pamodzi ndi chitsulo chake. Nanga katoniyo? Lachitatu inatengedwa ndi bambo wa wilibala amene amagula zitsulo zakutha. Dzina lake? Sadziwa. Amakhala kuti? Mwina ku Zolozolo. Mwina.

A Kachingwe anaimirira n'kukonza kolala. Anati, "Bambo, tisakangane. Kunja kukuonekabe chimodzimodzi. Ndipotu panopa ikulira mokweza kuposa kale." Anawonjezera kuti popeza ndine wachikulire, ya ntchito andikhululukira, ndingolipira ya bulutufu yokha.

Ndilipire? Ndilipire maliro a wailesi yanga?

Mawu anga mumawadziwa. Kutchalitchi sandipatsa maikolofoni. Ndinayankhula mpaka a kabaza anaimika njinga panja. Ndinawauza kuti wailesi imeneyi inakwera sitima, inakwera lole, inapirira chinyezi cha Mzuzu zaka zonsezi, nkhungu osaigonjetsa. Yafera m'manja mwa mnyamata wa kachingwe m'khutu, tsiku limodzi. Ndinawauza kuti mavavu amenewo ndi osowa chomene, azungu amawasaka ndi ndalama zawo osawapeza.

Che Ajusa anati, "A Kachingwe, munthu akabwera ndi chitenje kuti ndipinde m'mphepete, ine ndimusokere kabudula?" Mayi wa m'boma uja anatenga foni yake, anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa Dalitso ngati nayonso anaigunditsa pabatire la njinga. Dalitso anatembenukira kwa ine. Anangoti, "Koma agogo, zinthu zimenezi zinatha ntchito kalekale."

Ndipo kachingwe kaja, kamene ndinapitira, sanamange. Anati panopa muvi ulibenso ntchito.

Ndiye a Kachingwe, ndikudziwa kuti wina akuwerengerani izi. Ndiyankheni. Ndani anakuuzani kuti chinthu cha mwini mungachitumbule osafunsa? Nambala yanga ya foni munali nayo, munalephera bwanji kuimba? Katoni ya zinthu za makasitomala mumaigulitsa kwa munthu amene dzina lake simulidziwa? Ndalama yanu sindikufuna. Pepani wanu sindikufuna. Ndikufuna mavavu anga atatu ndi chitsulo chake, ndipo bulutufu wanuyo mudzamatule nokha.

Inu anzanga osunga wailesi zakale, a ku Lupaso, a ku Zolozolo, kulikonse: musasiye wailesi yamavavu pashopu n'kuchoka. Khalani pomwepo, muziyang'ana manja. Musanapereke, suzumirani pansi pa tebulo. Mukaona batire la njinga yamoto, nyamulani katundu wanu, nenani yewo, bwererani kwanu. Ndipo wina akaona bambo wa wilibala ali ndi timabotolo tagalasi tokhala ndi timiyendo tachitsulo, amuuze asatiswe.

Tinatuluka wailesi ili m'thaulo. Tinayenda mpaka pokwerera minibasi. Pamenepo Wongani anandigwira pamkono n'kunena kuti:

"Adada, bambo wa wilibalayo ndikumudziwa. Amaunjika zitsulo kuseri kwa chigayo ku Zolozolo, ndipo lole ibwera kudzanyamula mawa masana. Tilawirire. Koma jekete musavale, ndipo tikafika inu mukhale chete, ndiyankhule ine. Mukakangoyamba zija zoti azungu amawasaka, tikagula mavavu athu omwe pamtengo wa ng'ombe."