Mtondo wa apongozi ndi kakolo wanga

Ndinathyoka kakolo wakumanzere Lachiwiri m'mawa, nyengo ya mvula, pa msewu wochoka kwathu ku Mtendere kulowera ku Kalikiliki. Msewu umenewu ndinali nditauthamanga zaka zisanu ndi chimodzi ndipo maenje ake ndinkawadziwa onse, kupatula limodzi latsopano limene madzi anabisa. Azimayi awiri ogulitsa tomato anandidzutsa, nabwereka wilibala kwa bambo wa makala. Ndinafika kunyumba nditadetsedwa ndi fumbi la makala, nsapato imodzi ili m'manja.

Kuchipatala anandimanga chikhakha cha masabata asanu ndi limodzi. Dokotala wa mafizo, mayi wamfupi wosataya mawu, anandiimika pa sikelo: makilogalamu 61.

“Fupa lidzilumikiza lokha,” anatero. “Inu ntchito yanu ndi kusalisenzetsa katundu watsopano. Mukabwera mutalemera kwambiri, kuthamanga tikuchedwetsani. Manja ndi msana sizinathyoke. Muzituluka thukuta theka la ola tsiku lililonse, mutakhala pansi.”

Ntchito yanga ndi yokonza nkhani za nyuzipepala zisanasindikizidwe, ndipo manambala ndimawakhulupirira. Ndinalemba 61 m'kabuku n'kujambula mzere pansi pake.

Tsiku lachitatu apongozi anga, amayi a amuna anga, anafika kuchokera ku Katete kudzandidwazika. Anabwera ndi thumba la mtedza, umene iwo amati nshawa, nkhuku ziwiri, ndiponso kamtondo ndi munsi wake atazikulunga m'chitenje. Zaka zisanu ndi zinayi za ukwati wanga tinali tikupatsana ulemu wokwanira ndi mawu ochepa. Za mkazi wamkulu wothamanga popanda womupirikitsa sankazimvetsa. Nthawi ina anafunsa mwana wawo kumbali kuti, “Kodi amathawa chiyani?”

Tsopano anandipeza nditakhala pansi, ndipo nkhope yawo inawala.

Ndondomeko yake inali iyi. Sikisi koloko, phala la nsinjiro. Teni koloko, futali wa mbatata. Masana chakudya chenicheni. Folo koloko, tiyi wa mkaka ndi vitumbuwa viwiri. Madzulo chakudya chenicheni kachiwiri. Mbale iliyonse inkabwera ndi mlonda wake, chifukwa apongozi ankakhala pambali panga mpaka ithe.

“Idyani, apongozi. Fupa silimera ndi mphepo.”

“Ndakhuta, Amayi.”

“Mwakhuta inu. Mwendo sunalankhule.”

Ndikanatha kukana. Koma pa mbale zimenezo ndi pamene anayamba kucheza nane. Anandiuza za mmene amuna anga, ali mwana, anagwera m'chitsime akuthamangitsa nkhanga. Ankandimangira pulasitiki pa chikhakha ndikamasamba, n'kunditsuka kumsana akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi. Zaka zisanu ndi zinayi ndinali ndikudikira zimenezi, ndipo zinabwera pamodzi ndi futali. Ndinaopa kuti ndikabweza mbale ndibwezanso ndi machezawo.

Ndinapempha amuna anga kuti awalankhule.

“Ine musandilowetsemo,” anatero akumanga nsapato. “Ndinakana maungu awo kamodzi ndili wamng'ono. Mpaka lero amaikamba nkhani imeneyo.”

Pofika kumapeto kwa sabata yachiwiri zipi ya siketi yanga yakuntchito inkaima pakati. Pabwalo pathu pali mabanja asanu ndi mpopi umodzi. Mayi wa khomo loyang'anana ndi lathu, wophika chikanda, chakudya cha timizu tosinja ndi mtedza, chogulitsa pamsika, anandiona pakhonde n'kuwomba m'manja.

“Ba neba, manje mwaoneka che bwino! Masaya yabwela. Mukapola muthyoleko na mwendo winangu!”

Apongozi anaseka mpaka kupukuta misozi. Ine ndinaseka pang'ono.

Chaka chimenecho magetsi ankazima maola ambiri ndipo chigayo cha pamsika chinkangokhala chete. Apongozi analibe nazo kanthu. Ankakhala pa kampando, mtondo pakati pa miyendo, n'kumasinja. Tsiku lina ndinayang'anitsitsa mikono yawo. Mayi wa zidzukulu khumi ndi chimodzi, koma mikono yolimba kuposa ya anyamata onyamula zitsulo kuseri kwa msika. Ndipo ankasinja atakhala pansi.

“Amayi, ndiphunzitseni kusinja.”

Anaimitsa munsi m'mwamba. Nsinjiro ndinkagula yosinjasinja m'timapepala, ndipo iwo ankadziwa.

“Mwati chiyani, apongozi?”

Ndinabwereza. Anadzuka okha kukanditengera kampando kena koikapo mwendo wa chikhakha.

Ulendo woyamba ndinamenya ndi mphamvu zonse, mtedza n'kutuluka mafuta, n'kusanduka chiponde chomata.

“Nshawa siimenyedwa ngati wakuba,” anatero. “Pang'onopang'ono. Sefani. Misere bwezerani mumtondo. Mukufuna kumenya, dikirani chigwada.”

Chigwada, masamba a chinangwa aja, ndicho chinali mankhwala anga. Chimafuna mphamvu ndipo sichifewa msanga. Ndinayang'ana wotchi: mphindi khumi thukuta linayamba, mphindi makumi awiri bulauzi inanyowa. Ndinkasinthana manja, makumi asanu kumanja, makumi asanu kumanzere. Matuza anatuluka, anaphulika, anauma. Ndinauza pabwalo ponse kuti aliyense wokhala ndi chosinja abwere nacho, ndipo ba neba, mayi wa khomo loyang'anana uja, anayamba kundibweretsera chikanda chouma, cholimba ngati timiyala.

Vuto linali limodzi. Ndikasinja kwambiri nsinjiro inkachuluka m'nyumba, ndipo inkathera mu ndiwo zanga zomwe. Apongozi anawonjezeranso chitumbuwa chachitatu. “Wogwira ntchito adye,” anatero.

Lamlungu la sabata yachinayi onse anapita kutchalitchi. Ndinafufuza m'nyumba monse osapeza chosinja. Theka la ola langa linali lisanakwane, ndipo m'kabuku munalibe tsiku lodumpha. Ndinakhala pakhonde, ndinaika wotchi pabondo, ndinayamba kusinja mtondo wopanda kanthu.

Mtondo wopanda kanthu umalira mosiyana. Ine sindinkadziwa. Apongozi, amene anali atabwerera kudzatenga magalasi awo owerengera, anaumva ali kumsewu.

“Ndani akuitana njala pakhomo pa mwana wanga?”

Anaima pa geti. Anayang'ana mumtondo, anayang'ana wotchi, anayang'ana ine.

“Kwathu mtondo sausinja wopanda kanthu. Mwazungulira mutu kodi?”

Ndinawauza zonse: sikelo, mawu a dokotala, zipi ya siketi. Ndinawaonetsa kabuku. Ndinavomera kuti kusinja ndinakupempha chifukwa cha thukuta.

Anakhala pa kampando kawo. Ku tchalitchi sanabwererenso.

“Ndiye chakudya changa chakhala chikukuvutitsani.”

“Ayi, Amayi. Chimakoma. Vuto lake ndi lomwelo.”

Sanaseke. Anatenga munsi n'kuupukuta ndi chitenje.

“Mlamu wanu wamkulu simunamuone,” anatero. “Mwana wanga woyamba. Anaonda zaka zija anthu ankaonda, mpaka chitenje chinkamuzungulira kawiri. Ndinaphika chilichonse, sichinakhale m'thupi, mpaka anatisiya. Ine ndikaona mafupa a pakhosi pa mwana wamkazi, mtima umathamanga. Inu munabwera m'banja muno mafupawo ali poyera.”

Nkhaniyi ndinkaidziwa mwachidule, m'chiganizo chimodzi cha amuna anga. Sindinaiganizirepo ndikuyang'ana mbale ya futali. Ndinawapempha kuti Lachinayi tipitire limodzi kuchipatala akadzifunsire okha.

Anavala chitenje chatsopano. Dokotala asanayambe n'komwe, iwo anayamba.

“Mwana uyu akanenepa afa?”

“Ayi, mayi. Koma mwendo uchedwa kulimba.”

“Nanga akakhala chonchi, wouma ngati nsungwi, afa?”

“Ayi. Magazi ake ali bwino, mtima wake ukugunda bwino kuposa wanga.”

“Mwamuyeza ndithu?”

Dokotala anatembenuza pepala n'kuwaonetsa. Apongozi anavala magalasi, anayang'ana manambala amene sankawadziwa, anagwedeza mutu.

“Ng'ombe yotsimphina sitiimangirira ngolo yodzaza,” anatero. “Mukanangonena choncho poyamba.”

Kuyambira tsiku lotsatira ndinali ndi kapitawo. Futali wa teni koloko anatha. Vitumbuwa vinatha, ndipo ba neba akabweretsa vawo, apongozi ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kudya okha pamaso panga. Mbale yanga inasinthidwa ndi yaing'ono, masamba ambiri, nsinjiro ya supuni imodzi. Phala lokha silinasunthe. “Pa phala sitikambirana,” anatero. M'mawa ankazungulira makomo asanu onse kufunsa chosinja, ndipo pakasowa ankapita mpaka bwalo la kuseri. Wotchi ankagwira okha.

“Zatsala mphindi zitatu. Dzanja lamanzere likuba.”

Ndipo macheza sanathe. Anangosamuka kuchoka pa mbale kupita pa mtondo.

Chikhakha chitachotsedwa mwendo unali wowonda, wotuwa, wosadziwa ntchito. Sikelo inati 63. Dokotala anati makilogalamu awiri si mlandu. Ndinayamba kuyenda ndi ndodo imodzi, kenako popanda ndodo, apongozi ali pambali akuwerenga mapolo a magetsi: atatu, kenako asanu ndi atatu, kenako mpaka kumsika. Nthawi yokolola itakwana anabwerera ku Katete. Mtondo anausiya. Anati ndi wolemera m'basi, ngakhale pobwera sunawalemere.

Anandilola kuthamanga patatha miyezi isanu: kilomita imodzi, pang'onopang'ono, pa njira yosalala. Ndinali nditawauza tsikulo pafoni. Ndinabwerera kunyumba ndikupuma mwaphuma, kakolo akutentha pang'ono koma osapweteka, ndipo ndisanamasule nsapato foni inalira.

“Mwapita?”

“Ndapita, Amayi.”

“Mwabwera ndi miyendo ingati?”

“Iwiri.”

“Chabwino. Nshawa zatsopano ndatumiza, musagule za m'timapepala. Tsopano kadyeni phala.”

Ndinakadya, mbale yaing'ono ija, mpaka kutha.