Nsapato Yanga pa Mapu a ba Madamu

Nyenje zikayamba kulira mwezi wa Okutobala, mtima wanga umabwerera ku Mpanshya, chaka chimene ndinali mu Giredi 4. Dzuwa linkaswa mtengo, udzu utauma gwaa, mphepo ikubwera ndi phulusa la kumapiri kumene anyamata ankatentha tchire posaka mbewa. Nyengo imeneyo ndi imene anatitumizira ba Madamu a ku Lusaka, mtsikana wophunzira uphunzitsi, woyenda ndi botolo lakelake la madzi ngati kuti m'chitsime chathu munagwera galu.

Anabwera ndi nzeru yoti tipange mapu a njira yochoka kusukulu kukafika kudambo. Osati mapu wamba ayi. Ankafuna mapu a zimene mphuno imanunkhiza, zimene makutu amamva ndi zimene mapazi amaponda. Njira yomwe tinkadutsamo tsiku ndi tsiku zidebe zili pamutu! Sabata yonse inathera kukonzekera. Anatigawa m'magulu, a mphuno, a makutu ndi a mapazi, natiuza kuti zonse zimene titole tidzazimata pa katoni yaikulu ndi phala la chinangwa. Ine ndinagwera kwa a mapazi. Tinkangovomera kuti "Inde, Madamu," kwinaku tikutsinana pansi pa desiki.

Kunyumba ndinali ndi nsapato zanga zoyamba, zoyera, za pulasitiki. Amayi anazigula pa salaula, pamsika wa zovala zakale, ku Rufunsa atagulitsa nkhuku yawo yoikira mazira, kuti ndidzavale Lamlungu lotsatira polandira Ukaristia woyamba. Zinkagona m'sutikesi, ine n'kumangotsegula kuti ndizione. M'mawa wa ulendowo amayi anazitulutsa okha. "Vala, mwana wanga, munthu wa m'tauni asatione ngati amphawi. Koma uzisamale."

M'kalasi monse ovala nsapato tinali awiri, ine ndi ba Madamu. Titafika pamtengo wa msuku, pamene njira imalowa muudzu, iwo anaima nati, "Manje tonse tivule nsapato, timvele nthaka." Anzanga a ming'alu kuzidendene anangowayang'ana kukamwa kuli yasa. Ndinati ndinyamule zanga m'manja, ba Madamu anakana, eti manja ndi otolera zinthu. Ndinaziika bwinobwino muudzu patsinde pa msukuwo. Zawo anaponya m'chikwama chawo.

Ha, ulendo wake! Mchenga unkawotcha, ba Madamu akudumphadumpha ngati nkhuku yoponda makala, koma akufuulabe kuti, "Iyee, ni vabwino!" Anatinunkhizitsa ndowe za ng'ombe titatsinzina. Anatiimika padzuwa kuti timvetsere chigayo, chomwe chinkatisokosera chibadwire. Minga itawalasa anakhala pansi n'kuyamba kubuula, mpaka mnzathu Mabvuto anawazula ndi pini.

Pobwerera tinaona utsi. Moto wa osaka mbewa unali utadutsa pamsuku paja. Ndinathamanga paphulusa lotentha osamva kanthu. Nsapato imodzi inali itasungunukiratu, inzake itakwinyika, yakuda bii. Ndinalira mpaka mawu anatha. Ba Madamu anandisisita pamutu nati, "Usalile, uzavala nsapato zinangu." Kenaka maso awo anawala. Anatola yokwinyikayo, ndipo m'mawa mwake anaimata pakati penipeni pa mapu, nalemba pansi pake kuti fungo la moto wa kumudzi. Aphunzitsi aakulu anawaombera m'manja.

Amayi sanandimenye. Bola akanandimenya. Lamlungu anandikwecha mapazi ndi mwala, nawadzoza mafuta ophikira kuti awale. Ndinapita kuguwa ndi diresi yoyera, pansi popanda kanthu, ndikupinda zala kuti zibisale. Amayi, amene nthawi zonse ankakhala kutsogolo ndi anzawo a kwaya, tsiku limenelo anakhala pabenchi yakumbuyo kwenikweni.

Ndili mwana ndinkati ba Madamu ndi chitsiru basi, ndipo tinkawayeserera kudumpha kwawo mpaka nthiti kuwawa. Lero ndikuona kuti nzeru anali nazo, nkhanzanso analibe. Kungoti chibadwire anali asanaganizepo kuti pali mwana amene alibe zinangu, ndipo sanaone chifukwa chofunsira. Kuseka kuja kunandithera kalekale, koma kunyansidwa nawo ndikadali nako.