Tepi ya ku Makanjira

Ndili Fomu 3 ndinagwidwa matenda a mafilimu, ndipo amene anandipatsira ndi amjomba, alongo awo a mayi anga. Iwo anali ndi kamera yojambulira maukwati, chinthu cholemera ngati mbuzi paphewa, komanso kanyumba koonetseramo vidiyo kuseri kwa msika wa ku Mangochi. Ndinaonera mafilimu oopsa mpaka ndinayamba kudzimva kuti nanenso ndingathe. Sindinkafuna filimu yonse ayi. Ndinkafuna chiyambi chokha, choti munthu akachiona thupi lichite tsemwe.

Nkhani yake inali yaifupi. Msodzi akupeza bwato likuyandama lokha, m'katimo muli nkhafi ndi patapata mmodzi. Akucheuka, akumva kuti wina akumuyang'ana. Basi. Mnzanga wa m'kalasi, wa ku Makanjira, anati kwawo kuli doko labwino, ndipo msodziyo akhala iyeyo. Amjomba anandibwereka kamera ndi tepi imodzi atandiopseza mokwanira.

Zinali zaka za nkhondo ya ku Mozambique, othawa kwawo ali ponseponse. Mmodzi mwa iwo anali mayi wina amene amjomba anawapatsa kachipinda kuseri, ndipo ankagulitsa mtedza wokazinga pakhomo pa vidiyo. M'katimo sankalowa. Ankati zowomberana anaziona kale. Tonse tinkadziwa kuti tsiku limene mudzi wawo unatenthedwa, anthu amfuti anatenga mwana wawo wamwamuna kuti aziwasenzera katundu, koma nkhaniyo sitinkaiputa.

Ku Makanjira tinapita pa lole, ine nditakumbatira kamera msewu wonse. Tinajambula m'mawa, asodzi akutsitsa usipa. Mnzanga uja ankangoseka pamalo pofunika mantha, ndipo ndinamukalipira mpaka mawu kusasa. Kenako anachita bwino kamodzi: anatola patapata uja, nkhope n'kugwa, n'kucheuka. Ine ndinatembenuza kamera pang'onopang'ono kutsata maso ake, monga ndinkaonera m'mafilimu.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti padoko pali zii. Amayi amene ankalimbirana usipa anali ataweramira m'mabeseni awo. M'galasi la kamera munalowa amuna angapo akudutsa mumchenga, kutsogolo kuli wina wovala jekete lalikulu dzuwa likuswa mtengo. Pambuyo pawo pankabwera mnyamata woonda atasenza thumba la mchere. Iye yekha ndiye anayang'ana kamera, ndipo anayang'anitsitsa.

"Tsitsa chinthucho," mnzanga ananong'ona, kuseka konse kutatha. "Amenewo ndi a kutsidya kwa malire. Amabwera kudzagula mchere ndi sopo. Sitiwayang'ana."

Ndinatsitsa, koma mumtima ndinali wokondwa. Ndinali nditapeza zoopsa zenizeni popanda kuzivutikira.

Kudula filimu masiku amenewo kunkafuna madeki awiri, makina oseweretsa matepi a vidiyo: ina ikusewera tepi yojambulidwa, ina ikukopera zimene wasankha. Ndinayamba ntchitoyo masana ena kanyumba kalibe anthu. Ndinakopera bwato, ndinakopera patapata. Nditafika pa amuna aja ndinamva beseni likugwa kumbuyo kwanga, mtedza n'kumwazika pansi. Mayi aja anali ataima pakhomo.

"Mwanangu, bweza pamenepo."

Ndinabweza.

"Imitsa."

Ndinaimitsa. Chithunzi chinkanjenjemera, mizere yoyera ikudutsa, koma nkhope ya mnyamatayo inkaoneka. Mayiwo anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda sikirini. Anati ndi mwana wawo uja, n'kundionetsa khosi lake lopendekekera kumanzere, akuti anagwa mumtengo wa mango ali wamng'ono. Sanalire. Anangoti, "Alhamdulillah, ali moyo. Koma waonda."

Kuyambira tsiku limenelo filimu yanga inaima. Mpata ukangopezeka ankabwera, "Bweza, imitsa." Amjomba anachenjeza kuti kuimitsaimitsa kumadya tepi, ndipo sankanama, mizere ija inkachulukira pamalo pomwepo. Ine zinkandikwiyitsa, ndisabise, chifukwa chithunzi chimenecho ndicho chinali mtima wa filimu yanga. Koma ndikanawakaniza bwanji? Anali atayamba kale kufunsa za malole opita ku Makanjira.

Ndiye kunabwera wamalonda wina wa nsomba, mnzawo wa amjomba, wochokera komweko. Anakana tiyi. Anati bambo wa jekete uja wakhala akufunsa za mwana wasukulu wa kamera, ndipo wauzidwa kumene ndimakhala. Abwera Lachisanu, anthu akatuluka mu mzikiti, kudzaona yekha zimene zili pa tepi. Anawonjezera motsitsa mawu kuti anzake a bamboyo akukayikira wosenza katundu wawo, akuti anayang'ana kamera dala kuti abale ake adziwe kumene ali.

Amjomba anandiyang'ana ngati andimeze. Mayi aja anali atamva zonse ali pakhomo, ndipo ndiwo anayamba kuyankhula.

"Achimwene," anatero kwa amjomba, "fufutani."

"Mayi," ndinalowerera ine, "ndikopere kaye pa tepi ina, tiibise kudenga. Palibe angadziwe."

"Denga langa kwathu anthu amfuti analisasula ndikuona, kufuna chimanga chimene ndinabisa. Iwe sukuwadziwa. Wosenza katundu akadziwika kuti ali ndi kwawo kothawira, samusunga. Asapezeke paliponse."

M'mawa mwake ndinapita kugombe la nyanja ku Nkopola ndi kamera, mayi aja akunditsatira. Ndinabweza tepi mpaka pamene mnzanga akucheuka. Ndinawafunsa ngati akufuna kusuzumira m'galasi komaliza. Anasuzumira nthawi yaitali, diso limodzi atatseka ndi chikhatho, kenako anandibwezera. Ndinaloza kamera kunyanja, kumene kunalibe bwato kapena munthu, n'kudina batani lofiira kuti madzi ajambulike pamwamba pa amuna aja. Madziwo anatuluka ogwedezeka.

Lachisanu bamboyo anabweradi, jekete lomwe lija lili m'thupi. Anali waulemu kwabasi, moti ulemu wakewo ndiwo unandiopsa kwambiri. Anapereka moni kwa amjomba ndi manja awiri, n'kukhala pa benchi yakutsogolo. Ndinaika tepi. Bwato, nkhafi, patapata, msodzi akucheuka, kenako madzi okhaokha.

"Ndiye akuona chiyani msodziyu?" anandifunsa.

"Palibe, bambo. Akungoopa."

Anaseka. Anandiuza kuti ndibweze, ndinabweza. Anafunsa ngati pali tepi ina, amjomba n'kumutsegulira kabati yonse ya maukwati. Anasankhamo ziwiri zitatu, tinamuonetsa akwati akuvina, mpaka anatopa.

Potuluka anaima pakhomo n'kuloza beseni la mtedza. Ndinaona mayi aja akupinda kapepala, akuthiramo mtedza, akumupatsira ndi manja awiri maso ali pansi. Munthu amene ankadziwa kumene mwana wawo agone tsiku limenelo anali ataima pafupi moti mayiwo akanatha kumugwira jekete, koma sanamufunse kanthu. Bamboyo anapita akutafuna.

Atazimiririka kumsika, mayiwo analowa n'kukhala pa benchi yomwe ija.

"Mwanangu, bweza pamalo paja."

"Mayi, palibe chatsala."

"Ndikudziwa. Bweza, imitsa."

Ndinaimitsa. Pa sikirini panali madzi ogwedezeka ndi mizere yoyera. Anasendera pafupi, n'kuika chala chakumanzere kwa sikirini, pamene pankakhala khosi lija.