Amene Amatembenuza Paketi

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. M'sitolo yaikulu ija aliyense, kuyambira mlonda mpaka mabwana, ankawatchula Mayi Talawani, chifukwa ntchito yawo inali yomweyo: kuima kuseri kwa kathebulo, epuloni yoyera pamimba, n'kumalawitsa anthu zinthu zatsopano. Lero jamu, mawa masoseji, mkuja chakumwa chobiriwira chosadziwika mutu wake. Ntchitoyi inawaphunzitsa kusakhulupirira munthu. Wobwera akumwetulira ankati wadzera zaulere. Wobweranso kachiwiri atavula chipewa kuti asadziwike ankamugwira ndi nsapato zake.

Tsiku lina bwana wa zamalonda, mtsikana waulemu wake, anafika ndi katoni ya chokoleti chopanda shuga.

"Amayi, zolawitsa zake n'zochepa, musangomwaza kwa aliyense," anatero bwanayo. "Kuofesi tagawanika. Ena akuti tilunjike atsikana osamala thupi, ena akuti makolo a ana aang'ono. Inu muli pafupi ndi anthu, mukuona bwanji?"

Mayi Talawani analawa kachidutswa nkhope ili gwaa. Anapeza kuti n'chokoma ndithu, ndipo kukomako kunangowonjezera kukayika kwawo.

"Atsikanawo alawa, ajambula pafoni, n'kumapita," anayankha. "Ine ndizipatsa odwala shuga."

"Muwadziwa bwanji? Munthu simungamufunse zimenezo."

"Safunsidwa, bwana. Amatembenuza paketi."

Izi sankangolankhula. Bambo awo owabereka anamwalira ndi matenda omwewo atadulidwa mwendo, ndipo amene anawadwazika mpaka mapeto anali iwowa. Ankadziwa kuti wodwala shuga akanyamula chotsekemera sayang'ana chithunzi kapena mtengo. Amatembenuza paketi, kuwerenga timalemba ta kumbuyo, kenako n'kuibweza pashelefu pang'onopang'ono ngati akuitsanzika. Akaona wotero ankamuyandikira ndi kambale kawo n'kunong'ona kuti, "Ichi mulibe shuga, talawani." Chokoleti chija chinayamba kuyenda.

Kuntchito zinkayenda, koma kunyumba zinali zina. Amuna awo, telala wofatsa amene ankasokera pakhonde, anali atasintha. Tiyi wam'mawa, wothiridwa shuga mosaumira monga ankamukondera kuyambira ali pachibwenzi, ankamusiya mpaka kuzizira. Tsiku lina mayiwa anawaona pawindo akumukhuthulira mumphika wa maluwa. Bamboyo anayamba kuonda mpaka kudzibwezera yekha mathalauza. Anayamba kuyenda ndawala m'mawa uliwonse, munthu woti kale ngakhale kugolosale ankachita kutuma. Masiku ena ankavala jekete n'kuchoka osanena kumene akupita, ndipo foni ikalira ankakayankhira kuseri kwa nyumba.

Kwa Mayi Talawani nkhani inali yoonekeratu: munthuyu akukhuta kwina, ndipo mimbayo akuichepetsera winawake. Ananunkhiza makolala, anapisa m'matumba, osapeza kanthu, ndipo kusapezako anati ndi umboni wakuti bamboyo wachenjera. Mtima unkawawawa zedi, pakuti amuna awowo ankawakonda, ndipo ankaopa kuti banja likutha iwo akuonerera. Koma kufunsa sanafunse. Ankangowonjezera shuga m'tiyi muja dala, kuti aone ngati zophika zawo zafika ponyansa chotero.

Kenako bwana uja anawatumiza kukalawitsa kusitolo ina ya kampani yomweyo, yoyandikana ndi chipatala. "Anthu anu aja kumeneko ndiye kwawo," anatero. Mayi Talawani sanauze amuna awo za kusinthaku, poti m'nyumbamo anali atayamba kulankhulana mwa apo ndi apo.

Chakumasana anaona jekete lodziwika pakati pa mashelefu. Amuna awo! Pambali pawo panali mzimayi atafulatira. Mayi Talawani anabisala kuseri kwa mulu wa makatoni, kambale kali m'manja, kudikira kuti mzimayiyo atembenuke amuone bwino. Atatembenuka, anali mlamu wawo, mchemwali wa amuna awo. Ena akanapuma pamenepo, koma osati iwo. "Ohoo, ndiye kuti wonyamula mauthenga ndi ameneyu," anadziuza.

Ali chisuzumirire, amuna awo ananyamula paketi ya mabisiketi aja ankawakonda. Anaitembenuza. Anaisendeza kutali ndi maso n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo, milomo ikugwedera. Kenako anaibweza pashelefu pang'onopang'ono. Pachala chawo panali kathonje komata ndi pulasitala.

Apa Mayi Talawani anamvetsa zonse. Anthu osawadziwa ankawazindikira ali cha uko, koma uyu wogona naye chipinda chimodzi ankangomununkhiza makolala. Anatuluka kuseri kwa makatoni kuja.

"Bambo, zayamba liti?"

Telala anadzidzimuka. Anayang'ana epuloni, anayang'ana kambale, n'kugwetsa nkhope.

"Ine ndakhala ndikuwauza, mlamu, kuti akuuzeni," anatero mlamu uja. "Ndatopa nako kuwaperekeza kuchipatala mobisa ngati akuba."

"Munavutika kale ndi bambo anu," anatero telala motsitsa mawu. "Tsiku lija titawaika munanena kuti zoterezi simungazipirirenso kachiwiri. Ine ndinakumvani."

"Nanga tiyi uja?"

"Amamwa ndi maluwa anu. N'chifukwa chake akufota." Anayesa kuseka, koma sizinatheke. "Koma lero ndamwa ndithu. Munaima pakhomo mukundiyang'ana, ndiye ndinaopa kukukhumudwitsani."

M'mawa womwewo Mayi Talawani anali atathira shuga wambiri kuposa masiku onse. Manyazi ndi chisoni zinawagwira, ndipo mawu aja ankauza aliyense tsiku lonse anakanika kutuluka. Anangopita kukatenga paketi yathunthu ya chokoleti chija pakathebulo, n'kuitembenuza okha, n'kuiika m'manja mwa amuna awo kuti awerenge.