Ngalande ya Mayi Nsofwa

A Petronella Nsofwa anabadwira ku Kanyama, ndipo agulitsa tinsomba ta kapenta pa kamsika kena komweko kuyambira ali ndi mwana mmodzi. Lero ali ndi adzukulu anayi. Ndi mayi wosakhazikika: akakhala pansi pang'ono, anyamuka, akonza thumba limene akonza kale.

Mu Okutobala chaka chatha, amalonda anathamangitsa komiti imene inalamulira msikawo zaka khumi popanda chisankho. Anaimba, anavina, napempha a Petronella kuti agwirizire mpando wa tcheyamani miyezi itatu. Mayiwo analonjeza chinthu chimodzi chokha: kutsegula ngalande mvula isanagwe, poti chaka chilichonse madzi ankafika m'mawondo, katundu n'kuwola.

Koma ngalandeyo inakwiririka kalekale. Wodziwa njira yake anali mmodzi, a Fabian, mlembi wa komiti yochotsedwa ija. A Petronella anawapeza akusewera nsolo pamthunzi.

"Ba Petronella, si ndimwe munanipitikisa na nyimbo?" anatero a Fabian akuseka. "Tiyeni, nikulangizeni."

Anatenga kamtengo nalemba mzere pansi, kuchokera pachipata mpaka kumsewu. Mzerewo unadutsa pansi pa timashopu khumi ndi kamodzi. Kena kanali ka a Chalwe, ogulitsa zovala zakale za salaula, amene anatsogolera nyimbo tsiku lija. Kena kanali ka a Petronella eniake.

Sabata yonse a Petronella anayenda kashopu ndi kashopu, kupempha eniake kuti asunthe pang'ono.

"Amayi, imwe mugwilizila chabe," anayankha a Chalwe. "Lekani vinthu vinkale. Bamene tizasankha mu Januwale bazaona."

Anzawo a Petronella m'komiti yogwirizira nawonso maso anali pa chisankhocho. Palibe anafuna kukwiyitsa munthu. Misonkhano inkatha ndi pemphero basi, kumwamba mitambo ikuunjikana.

Tsiku lina a Petronella anazula malata a kashopu kawo, natenga khasu, nakumba gawo lawo lonse. Anthu anaima n'kumaonerera. Palibe anatsatira. Mvula itagwa, madzi anadzaza dzenjelo, nasowa kopita, nasefukira mumsika monga kale.

Chisankho chinachitika anthu ataima pa njerwa. Anapambana ndi a Chalwe, atalonjeza kutsegula ngalande.

A Petronella tsopano amayala kapenta wawo pa thumba m'mbali mwa msewu. M'mawa uliwonse, asanayale, amafika pa kashopu ka a Chalwe, khasu lili paphewa.

"Ba cheya, mwauka bwanji? Imwe simugwilizila. Tiyambe lelo?"