Bambo Kefasi Sakala ndi Mnzawo wa Kundende

Akhristu ambiri a parishi yathu akuwakumbukira bambo Kefasi Sakala, mkulu wamtali uja amene ankakhala pa benchi yakutsogolo, maso ali pakamwa pa wansembe. Ife a mphakati wawo tapemphedwa kulemba pang'ono za moyo wawo, ndipo tikutero ndi mtima woyamika.

Bambo Sakala anabadwa mu 1937 kwa Mavwere. Sukulu analekezera Sitandade 4 bambo awo atamwalira, koma anatulukako ndi dzanja lokongola polemba. Anakula akulima chimanga, mtedza ndi fodya, ndipo anamanga ukwati woyera ndi mayi Emelda. Mulungu anawapatsa ana asanu, awiri mwa iwo anamwalira ali aang'ono. Kwa zaka zambiri ankaimba m'kwaya ndi kutsogolera nyimbo pamaliro.

Mu 1992 anadwala matenda oumitsa khosi. Anachira, koma makutu anatsekeka kotheratu, ndipo kwaya anaisiya. Anzawo akawapeza pakhonde ankangokweza dzanja n'kumapitirira, poti kucheza nawo kunali kolemetsa. Mayi Emelda amati amuna awo sanadandaulepo, koma ankangoonda.

Patapita zaka zingapo, katekisiti anawabweretsera nyuzipepala ya mpingo n'kuwalozera tsamba la anthu ofuna anzawo olemberana nawo makalata. Inali nyengo imene matipate anali atangoyamba, anthu atasiya kuopa kulemberana ndi munthu wosamudziwa. Anayamba ndi mphunzitsi wina wa ku Chipata, kenaka mayi wina wosaona wa ku Nsanje amene ankawerengeredwa ndi mwana wake. Anzawo anachuluka. Ankalemba akaweruka kumunda, ndipo ankapalasa okha njinga kukaponya makalatawo ku positi. Ankakonda kunena kuti, "Ambuye ananditseka makutu, koma zala anandisiyira."

Mmodzi mwa anzawowo anali Timoteyo, mkaidi wa pa ndende ina ya kummwera. Timoteyo sanabise mlandu wake. Analemba kuti anapha mlamu wake pa ndewu ya pamowa, ndipo kuti akapanda kuyankhidwa adzamvetsa. Bambo Sakala anamuyankha sabata yomweyo. Kuyambira pamenepo ankamuuza za mvula, za ng'ombe yawo yothyola khola, ndipo ankamukoperera Uthenga Wabwino wa Lamulungu lililonse.

Mu 2001 Timoteyo analemba kuti akutuluka, koma abale ake anali atamutumizira mawu oti kwawo asadzapondeko. Bambo Sakala anawafotokozera akazi awo kuti akufuna kumuitana. Mayi Emelda anawagwira chibwano kuti awayang'ane pakamwa, monga ankachitira akafuna kumvedwa bwino.

"Abambo, munthu wopha mnzake adzagone pano? M'nyumba muno muli adzukulu. Inu simumva. Akadzachita choipa mudzadziwa bwanji?"

"Zoona, sindidzamva," anayankha bambo Sakala. "N'chifukwa chake sindimuitana inu musanalole. Koma zaka zonsezi ndakhala ndikumuuza kuti Mulungu amakhululuka. Akadzapeza khomo lathu lotseka, adzati ndinkamunamiza."

Nkhaniyi inafika ku mphakati, ndipo nafenso tinagawikana. Ena tinati mkuluyo akuitana tsoka. Bambo Sakala sanakangane ndi munthu, anangodikira akupemphera korona. Tsiku lina anapeza mayi Emelda akuzira kanyumba ka mwana wawo amene anasamukira ku Lilongwe.

"Abwere," anatero mayiwo. "Koma mantha anga sanathe, muzindipempherera."

Timoteyo anafika ndi jumbo imodzi m'manja, m'chaka cha njala ija. Banjali linagawana naye kochepa kamene linali nako. Iye anayamba kuwoloka malire kukagwira ganyu m'minda ya ku Zambia, n'kumabwerako atasenza chimanga. Adzukulu onse anapulumuka njalayo. Mbuzi itasowa m'mudzi, zala zonse zinaloza Timoteyo. Bambo Sakala anapita naye kubwalo atamugwira dzanja, nati, "Uyu ndimamudziwa. Mukamuthamangitsa, muthamangitse ndi ine." Mbuziyo inapezeka itagwera m'chitsime chakale, ndipo enafe tinapita kukapepesa. Pambuyo pake Timoteyo anabatizidwa, ndipo mkulu yemweyo ndiye anamuimira.

Mu 2007 bambo Sakala anafa ziwalo mbali ya kumanja, cholembera chinawakanika. Anthu ambiri anali atayamba kale mafoni a m'manja, koma iwo foni inalibe nawo ntchito. Timoteyo ndiye ankawasambitsa, kuwatulutsa padzuwa ndi kuwalembera mawu amene ankanena pang'onopang'ono. Bambo Sakala anamwalira mwamtendere mu Ogasiti 2009, masana, atalandira sakramenti la odwala, mayi Emelda ali pambali pawo.

Lero mphakati wathu umalembera akaidi mwezi ndi mwezi, ntchito imene tinaiphunzira kwa munthu amene poyamba tinkamudutsa pakhonde. Tikuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo wawo, ndipo tikupempha kuti awalandire m'mtendere wake wosatha.

Maliro atatha, makalata anapitiriza kubwera kuchokera kwa anthu amene sanamve za imfayo. Timoteyo anafunsa mayi Emelda choti achite nawo.

"Ayankhe onse, mwana wanga," anatero mayiwo. "Uwauze kuti mnzawo wapita, koma pakhomo pano anthu alipo."